Stella, dzina la mayi anga

Mayi wina wanditumizira imelo. Akufuna kutcha mwana wake dzina loti Stella, koma apongozi ake akuti limeneli ndi dzina la anthu owombeza ndi nyenyezi. Akufunsa ngati n'zoona.

Mayi, mwandikhudza pamtima, chifukwa Stella linali dzina la malemu amayi anga. Kumudzi ankangoti Sitela. Ndili wamng'ono ndinkawaperekeza kudambo m'bandakucha, mame akunyowetsa chitenje chawo mpaka m'mawondo. Akaona nthanda kum'mawa ankailoza ndi khasu, amvekere, "Mnzanga uja wadzuka kale." Tanthauzo la mawu awowa ndinadzalimva nditakula.

M'Chilatini, chinenero cha Aroma akale, stella ndi nyenyezi basi. Mawuwa anabereka ana ambiri. Ku Italy mpaka lero amati stella, ku Spain estrella, ku Romania stea. Mukadzafika ku Tete kapena ku Maputo mudzamva Chipwitikizi chake, estrela. Afalansa kale ankalemba estoile, kenako "s" anagwa, kunatsala étoile. Akatolika amatcha Maria kuti Stella Maris, nyenyezi ya panyanja, ndipo ku Blantyre kuli sekondale ya atsikana ya dzina lomweli. Kodi asisitere angasankhe dzina la owombeza? Zimandipweteka kuona mayi woyembekezera akuopsezedwa ndi nkhani zakumva, pamene mtima wake ukufunika mtendere. Ndikukana ndithu!

Komabe apongozi anu pali pamene akhudza. Aroma anali ndi mawu enanso, astrum, obwereka ku Chigiriki. M'menemo munachokera disastro ya Ataliyana ndi disaster ya Angerezi, kutanthauza tsoka lobwera chifukwa nyenyezi yaima poipa. Chikhulupiriro akuchiopacho chinabisala m'mawu amenewa, osati mwa Stella. Star wa Chingerezi ndi Stern wa Chijeremani nawonso si ana a stella, ndi asuweni ake, ochokera kwa kholo limodzi lakale kuposa Chilatini.

Nanga mutani?

Khalani pansi ndi apongozi anu, muwauze mwaulemu kuti dzinali ndi nyenyezi chabe. Akakanabe, mutcheni Nyenyezi kapena Nthanda, Stella likhale lachiwiri pa chikalata chobadwira. Ine wanga woyamba ndinatero.