PS4 yangokhala pansi pa TV: igulitsidwe kapena isungidwe?

Achimwene ena a ku Area 25 ku Lilongwe anditumizira imelo. Akuti anagula PlayStation 4 (PS4), makina osewerera magemu pa TV, asanakwatire, koma pano ntchito ndi ana zawapanikiza moti amaiyatsa mwa apo ndi apo, makamaka alamu awo akabwera kudzacheza. Mayi a kunyumba akuti igulitsidwe, eni ake mtima ukukana. Ndiye akufunsa kuti atani.

Achimwene, gulitsani. Koma musanaponye chithunzi pa Facebook, tamvani kaye.

PS4 inatuluka mu 2013, PS5 n'kubwera mu 2020. Opanga magemu akuisiya pang'onopang'ono yakaleyi, choncho ikamakhalitsa m'nyumba mwanumo mtengo wake weniweni ukunka nutsika. Chimene chimatipusitsa kuno ndi kwacha. Itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wochokera kunja anakwera, wogwiritsidwa kale ntchito yemwe, ndiye munthu amaona ngati makina ake akupindula ali chikhalire. Ayi ndithu. Nambala yokha ndiyo yakula, ndalamayo sigulanso zomwe inkagula. N'chifukwa chake ndikuti muyambe mwagwirizana ndi mayi chimene ndalamayo ikachite, kaya ndi fizi ya mwana, kaya matumba a simenti. Mukangoiika m'thumba ithera kanyenya ndi mayunitsi, ndipo tsiku lomwe mudzalakelake ina mudzapeza mtengo utathawa.

Kusunga nakonso kumadya. Fumbi la mu Okutobala limalowa m'timabowo ta m'mbali timene timalowetsa mpweya, fani n'kuyamba kulira ngati chigayo. Mphemvu zimakonda kufunda kwa m'katimo, funsani aliyense wokonza zamagetsi akuuzani zimene amapeza akatsegula. Batire la controller, kachipangizo ka mabatani kogwira m'manja posewera, likakhala miyezi osatchajidwa limafooka. Ndipo ngati mumaisiya pa soketi, tsiku lina magetsi adzabwera ndi mphamvu atazima, n'kukuotcherani zonse. Pamenepo palibenso chogulitsa.

Za magemu anu musadandaule kwambiri. Omwe munagula pa intaneti ali pa akaunti yanu ya PlayStation Network, osati m'makinamo mokha, ndipo pafupifupi onse amasewereka pa PS5 mukadzakhala nayo. Akauntiyo musampatse wogula ngakhale atanyengerera bwanji. Sungani kaye ma save anu, omwe amasunga pamene munalekezera m'magemu, pa flash, lowani mu Settings, chotsani makinawo kuti asakhalenso primary PS4 yanu, kutanthauza makina akuluakulu a akaunti yanu, kenako sankhani Initialize PS4 kuti zonse zifufutike. Madisiki gulitsani paokha, amabweretsa kangachepe kuposa kungowaponyera pamwamba ngati basera. Koma a mpira musayembekezere zambiri. FIFA 23 ndiyo inali yomaliza ya dzina limenelo, pano kampani yopanga gemuyi ya EA ikuitulutsa ndi dzina la FC, ndipo palibe mnyamata amene amafuna timu yomwe osewera ake anasamuka kalekale.

Ogula odalirika nthawi zambiri ndi anyamata amene ali ndi timashopu tosewerera magemu m'matauni mwathumu, kumene ana amalipira pa gemu iliyonse. Amanenerera mpaka thukuta, makamaka akaona kuti controller ndi imodzi kapena si yoyambirira, koma ndalama amakhala nayo m'manja chifukwa kwa iwo ndi mpamba. Kumanani masana pamalo pomwe pali TV, ayese yekha disiki ndi mabatani onse inu mukuona. Akati watumiza pa Airtel Money kapena Mpamba, musakhulupirire uthenga wa pafoni. Onani balansi nokha musanatule katundu.

Chinthu chimodzi chokha chingandisinthe maganizo. Simunanene zaka za ana anu. Ngati wamkulu wafika poyamba kulirira controller, isungeni, muipukute, muigulire surge protector yoiteteza magetsi akabwera ndi mphamvu, chifukwa ndalama imene mungapeze lero sidzakwanira kumugulira ina chaka chamawa. Koma ngati wosewera ndi alamu okha, auzeni kuti ikugulitsidwa ndipo mtengo woyamba mukuwauza iwowo.