Mbuzi yatupa kunsi kwa chibwano: musang'ambe, yang'anani m'chikope

Mayi wina wa ku Jali wafunsa za mbuzi yake yaikazi yomwe yatupa kunsi kwa chibwano ngati yameza dzira. Akuti m'mawa chotupacho chimaphwa, koma madzulo pochokera kubusa chimakhala chitakula. Aneba amuuza kuti ndi chithupsa, achiboole ndi lezala.

Mayi, lezalalo libwezereni pomwe munalitenga. Tadinani chotupacho ndi chala. Muona kuti ndi chofewa, sichikutentha, mbuzi siikulira, ndipo chala chikusiya kadzenje. Chithupsa sichitero. Mmenemo mulibe mafinya, muli madzi, ndipo madziwo achucha kuchokera m'magazi a mbuzi yomweyo.

Amene amalima mpunga ku sikimu ya Likangala amvetsa msanga. Ngalande yaikulu siithirira mpunga, ntchito yake ndi kungobweretsa madzi. Chomwe chimafikitsa madzi pa phando ndi tingalande ting'onoting'ono ta m'mindamo. Thupi la chiweto lilinso choncho, ngakhale lathuli. Mitsempha ikuluikulu imene mumaiona pakhosi pozinga mbuzi imangonyamula magazi. Ntchito yeniyeni imachitikira m'timitsempha tosaoneka ndi maso, tochepa kwambiri kuposa tsitsi, moti timaselo tofiira ta magazi timadutsamo pamzere umodzi ngati ana asukulu polandira phala. Khungu la timitsemphati ndi lopyapyala zedi. Mpweya wabwino, shuga ndi madzi zimatulukira pamenepo kukadyetsa mnofu, zoipa za m'thupi n'kulowa kuti zikatayidwe.

Nanga madziwo amalekeranji kutayika onse? M'magazi muli puloteni yotchedwa albumin, yopangidwa ndi chiwindi, yomwe imawagwira kuti asachoke ambiri. Puloteniyi ikachepa, madzi amatuluka mopitirira n'kukadikha pamalo otsika. Mbuzi imaswera tsiku lonse itaweramitsa mutu pa msipu, ndiye malo otsikawo ndi pachibwano. Usiku ikadzutsa mutu m'khola madzi aja amabalalika, n'chifukwa chake m'mawa mumati yachira.

Puloteni ija imachepa magazi akamabedwa, ndipo wakuba magaziyo kawirikawiri ndi njoka za m'mimba, makamaka mtundu wotchedwa Haemonchus. Zimakhala m'chifu chomaliza, cholumikizana ndi matumbo. Mukadzapha mbuzi yowonda, dzang'ambeni chifu chimenechi: mudzaona tinthu totalika masentimita 2 kapena 3, tonga ulusi wofiira ndi woyera wopotana. Kamodzi kamayamwa magazi okwana pafupifupi 0.05 ml pa tsiku. Zikumveka zochepa, koma tikakhalamo 1,000 ndiye 50 ml, masupuni a tiyi 10 tsiku ndi tsiku, ndipo kakakazi kamodzi kamatha kuikira mazira 5,000 pa tsiku. Kwa inu odyetsa m'madambo a kufupi ndi nyanja ya Chilwa, palinso njoka zaphwatalala za m'chiwindi, zomwe zimakulira mu nkhono za m'madzi. Nazo zimatupitsa chibwano chimodzimodzi, koma si mankhwala onse a njoka amene amazipha, choncho muuzeni alangizi a ziweto komwe mbuzi zanu zimadya.

Bambo wina wa ku Thondwe wafunsa funso lomwe ndalikonda: angadziwe bwanji kuti mbuzi ikutha magazi isanafike potupa? Zoonadi, ikatupa ndiye kuti mwachedwa kale.

Bambo, itulutseni mbuziyo panja powala, osati m'khola. Ndi chala chachikulu tsekani chikope cham'mwamba n'kudina diso pang'ono, ndipo ndi chala chinacho kokerani chikope cham'munsi pansi mpaka mkati mwake muonekere. Pamenepo khungu ndi lopyapyala, timitsempha tija tili pamtunda penipeni, ndiye mtundu womwe mukuwuonawo ndi wa magazi enieniwo. M'chikopemo mukafiira bwino, mbuzi ili bwino. Mukatuwa, samalani. Mukayera ngati pepala, mbuziyo ikhoza kufa sabata yomweyo. Onani msanga, chifukwa mukachedwetsa chala m'chikope mumafiira n'kukupusitsani. Njira imeneyi inayambira ku South Africa ndipo imatchedwa FAMACHA. Ili ndi khadi la mitundu 5, kuyambira 1 wofiira mpaka 5 woyera. Nyengo ya mvula muziona masabata awiri aliwonse.

Mwetsani mankhwala mbuzi zokhazo zomwe m'maso mwatuwa kapena mwayera, kuphatikizapo zotupa ndi zowonda. Ndikudziwa kuti ambiri mumakonda kumwetsa khola lonse kuti mtima ukhale m'malo, koma kutero n'kutaya ndalama, komanso njoka zimazolowera mankhwalawo. Choipa kwambiri ndi chija chogawa mlingo wa mbuzi imodzi kwa mbuzi zitatu. Mumapha njoka zofooka n'kusiya zolimba kuti ziswane. Mlingo uzitengera kulemera kwa mbuzi. Mankhwala a njoka otchedwa Albendazole musamwetse mbuzi yomwe yangotenga kumene bere, amatha kuwononga mwana m'mimba. Werenganinso pa botolo masiku oyenera kudikira musanadye nyama kapena kumwa mkaka wake.

Wina wa ku Chingale wadandaula kuti anamwetsa mankhwala masiku atatu apitawo koma m'maso mwa mbuzi mukadali mbuu. Musathamangire kumwetsanso. Mankhwala amapha njoka, sabweza magazi. Thupi limapanga lokha, ndipo zimatenga masabata angapo. Chotupa ndicho chimayamba kuphwa. Ipatseni gaga, masamba a nandolo ndi lukina wosakaniza ndi udzu, pakuti puloteni yatayika ija iyenera kuchokera m'zakudya. Chotupa chikapanda kusintha pakatha sabata, itanani alangizi a ziweto adzaione.

Tiana ta njokazi timaswedwa m'ndowe n'kukwera udzu waufupi kukakhala chinyontho, ndiye mbuzi muzizitulutsa mame atauma. Popeza nthawi ya dzinja ambiri mumamangirira mbuzi kuopa minda, chikhomo chisakhale malo amodzi kupitirira masiku atatu, ndipo pamalo mwachokapo musabwererepo msanga. Khola likhale lam'mwamba kuti ndowe zizigwera pansi, ndipo masamba odula muziwapachika, osawaponya pomwe mbuzi zikuponda.