Za mipeni ija wafunsa, mphwanga

Eee, mphwanga, wadzuka bwanji ku Joniko? Ife kuno ku Senga Bay tadzuka, kungoti mwera wavuta kuyambira Lachiwiri, mabwato ambiri ali pamtunda. Zithunzi zako ndaziona usiku, koma kulemba pafoni ine zala zimandikana, ndiye ndingolankhula. Enanu pagulupu pano amene za mipeni sizikukukhudzani, pepani, ingodumphani.

Wafunsa ziwiri. Wati mwa mipeni itatu wagulayo, Okapi ndi wolimba potsegula mpaka chikhadabo kuwawa, wofiira uja wa Victorinox ndi wofewerapo, pomwe wa Opinel sulira n'komwe, ndiye ukuganiza kuti weniweni ndi Okapi, pa iwiri inayo anakubera. Kenako wati mpeni wa malemu agogo ako ndiupititse kwa owotcherera ku Kamuzu Road akaupale uwale, akaumangenso poti wafooka. Chachiwirichi ndiyankhiretu: ayi. Chifukwa chake ndifikako.

Tenga wofiirawo, uutembenuze uone kumsana. Kachitsulo kakatali kagona pakati apo ndiye sipuling'i. Si yopota ngati ya m'bolopeni ayi, ili ngati masipuling'i ogona aja a pansi pa lole. Kunsonga kwake imapanikiza tsinde la mpeni, pamene padutsa msomali wozungulirapo. Ine tsinde limenelo ndimangoti chidendene. Ukamatsegula, ngodya ya chidendene imakankhira sipuling'i kunja, ngodyayo ikangodutsa sipuling'i imabwerera m'malo mwake, ndiye kulira kuja kwa kha! Basi, nzeru yonse ndi imeneyo.

Tsono ona. Kulimba kumene ukumva pachikhadabo sikuchokera ku sipuling'i yokha. Inde makulidwe ake ndi mmene anaiwotchera pamoto zimawerengedwa. Koma chidendene chikakhala chokhakhala, chosasalazidwa, mpeni umalimba. Msomali akaukhoma mopitiriza, umalimba. Mukalowa mchenga kapena dzimbiri, umalimbanso. Zaka zonse ndinakhala pagalaja zija ndinaona ma nati ambiri okana kumasuka, ndipo palibe ndi imodzi yomwe imene inkakana chifukwa choti ndi yabwino. Mpeni ndi chimodzimodzi. Wothyola chikhadabo nthawi zambiri ndi woti kufakitale anaufulumirira.

Chimene ine ndimayang'ana ndi kayendedwe. Tsegula pang'onopang'ono, maso utatsinzina, umve ndi zala. Uziyenda mofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, osati apa kugwira apo kutaya, ndipo usamveke ngati ukutafuna mchenga. Ukatseguka wonse, pititsa chala kumsana: sipuling'i ikhale yolingana ndi chogwirira, isatumphuke, isamirenso. Ukatseka, chimodzimodzi. Mipeni ina anaipanga chidendene cha ngodya zinayi, ndiye imaima yokha pakati penipeni, kha, kenako kha wachiwiri. Anthu ena amaganiza kuti yawonongeka, pamene n'zadala, kuti ikamatsekeka mwangozi iime kaye isanafike pazala. Ukatero ugwedeze chitsulocho uku ndi uku mpeni uli chitsegulire. Ukamva kugwedera, msomali watha kapena sanaukhome bwino. Ukweze kudzuwa uone ngati kuwala kukudutsa pakati pa sipuling'i ndi timapepala tachitsulo ta m'mbali. Ndipo china chimene ambiri saona: tseka, utsegulenso, uyang'ane kukamwa kwa mpeni. Ukapeza kadontho kowala ngati pabunthapo, ndiye kuti potseka kukamwako kukumenya sipuling'i. Sipuling'i yamphamvu kwambiri ndiye imachititsa zimenezi kawirikawiri. Waona? Mphamvu yomwe ukuitamayo ndiyo imadya mpeni.

Dikira kaye... iwe, chotsa nkhukuzo pa mphasa ya mpungayo! Eya, pepani.

Wofiira uja sanakubere. Karl Elsener anayamba ntchito yake ku Ibach, ku Switzerland, mu 1884, ndipo umene anatchuka nawo ndi wa 1897, pamene anapeza njira yoti sipuling'i imodzi izigwira zida za mbali zonse ziwiri. Mpeni wotero sungakhale ndi sipuling'i ya njovu, chifukwa kachitsulo kotsegulira chitini kaja ukanakazula ndi pulayazi. Anaufewetsa dala, koma tamvera mmene ukulirira potseka. Pamenepo ndi pamene pali luso. Koma ndikudzudzule, mphwanga: pachithunzi paja watambasula zida zonse ngati nkhukundembo. Usazolowere zimenezo. Zida ziwiri zodalira sipuling'i imodzi ukaziimika theka nthawi imodzi, ukuikoka mbali zonse ziwiri kupitirira muyezo wake. Imafooka, ina imathyoka kumene. Tsegula chimodzi mpaka kumapeto, kenako chinzake.

Wa Opinel sulira chifukwa mulibe sipuling'i ngakhale pang'ono. Ndi mtengo umodzi wong'ambidwa pakati, chitsulo, msomali, ndi kamkombero kachitsulo pakhosi. Joseph Opinel anayamba kuupanga mu 1890 ku Savoie, ku France, ndipo kamphete kozungulira kaja kokhomera anakawonjezera ndi mwana wake Marcel mu 1955. Ukatsegula, potokola kampheteko, wakhoma. Pachitsulo uyenera kuona kadzanja kali ndi chisoti chachifumu pamwamba. Ine ndili ndi nambala 8, anandisiyira mlendo wina amene ndinamukonzera galimoto. Kudula umadula ngati lumo, koma kunyanja kuno uli ndi vuto lake: mtengowo ukamwa chinyezi umafufuma n'kugwira chitsulo nganganga. Miyezi ya mvula ndimachita kugogoda kumatako kwa chogwirira pathebulo kuti nsonga itulukeko. Mu Okutobala, kukauma, umalobodoka wokha. Ndiye mpeni umodzi womwewo, Januwale wolimba, Okutobala wofewa. Kodi unene kuti Januwale ndi wabwino, Okutobala wabodza?

Tsopano Okapi. Uwu sipuling'i yake ili kunja, yagona pamsana pa mtengo, aliyense akuiona. Chidendene chake chili ndi mano, n'chifukwa chake umalira kerekere potsegula, ndipo pomaliza kadzino kamalowa m'kabowo ka sipuling'i n'kukhoma. Sutsekeka mpaka ukoke kamphete kake ka pasipuling'ipo. Kwa msodzi, manja ali noninoni ndi mafuta a kampango, chimenecho ndi chabwino zedi, ndipo sindikuunyoza. Ndi mpeni wantchito, wotsika mtengo, wosavuta kunola pamwala. Koma atsopano ambiri amabwera obuntha ndi okhakhala. Kulimba ukuonako, theka lake ndi kusasalala chabe. Udonthezeremo mafuta, uutsegule ndi kutseka kambirimbiri madzulo uli khale, uona ufewa.

Apa ndi pamene pakubwera mpeni wa agogo. Okapi anayamba kupangidwa mu 1902 ku Solingen, ku Germany, ndipo ankaupangira msika wa kuno ku Africa. Mu 1988 ntchitoyo inasamukira ku South Africa, kumene uli iweko. Agogo ako anabwera nawo mpeniwu kuchokera ku Wenela. Akuluakulu pagulupu pano akukumbukira kuti ndege yonyamula anthu a kumigodi itagwa ku Francistown mu 1974, Kamuzu analetsa ulendo umenewu, ndipo agogo sanabwererekonso. Ndili nawo m'manja pano. Patsinde pakuwerengekabe kuti Germany, ngakhale zilembo zayamba kufufutika, ndipo pachogwirira kamwezi ndi tinyenyezi tidakalipo, kupatula kamodzi kanagwa. Wako watsopanowo ulibe zilembo zimenezo. Ndiye iwe amene wayamba kusonkhanitsa mipeni, ukufuna tichotse chinthu chokhacho chimene chikuchitira umboni zaka zake?

Anzako osonkhanitsawo chimene amayamba kuwerenga ndi patsinde. Kampani ya Case ya ku Bradford, ku Pennsylvania, mu 1970 inaika timadontho khumi pansi pa dzina lake, n'kumachotsa kamodzi chaka chilichonse, mpaka 1979 kanatsala kamodzi. Munthu amangowerenga timadontho n'kudziwa chaka. Makina opalira akadutsapo kamodzi, zonsezo zapita.

Komanso si zilembo zokha. Makina aja amatenthetsa chitsulo. Ine ndinapusapo kale: ndinapereka mpeni wanga kwa mnyamata wina wowotcherera, ndinkafulumira kupita kumaliro. Unabwera ukuwala ngati galasi, koma kunsonga kutachita buluu. Kuyambira tsiku limenelo ukanola m'mawa, masana wabuntha, ngakhale chambo chimodzi sunkamaliza kutumbula. Moto unali utachotsa kulimba konse. Sipuling'i ikalawa moto wotero ndiye kwatha, imapindika osabwerera.

Ndipo kunena zoona, sipuling'i ya agogo sinafooke kwenikweni. Ndaiyang'anitsitsa m'mawa uno. Chimene chatha ndi mano a chidendene. Tangoganiza, zaka zonse zija akudulira zingwe za ukonde, akusema zikhomo, akutumbula nsomba pamchenga ku Lifuwu, mchenga ukulowa, iwo akutsegula ndi kutseka. Mchenga ndi tupa. Ngodya zija zakulungika, ndiye sipuling'i sikwezedwanso patali ngati kale. Koma ukukhomabe, sugwedera, ndipo kuyenda kwake, eee, ngati wadzola batala. Wako watsopano udzafika pamenepo iwe uli ndi imvi.

Chimene ndichite ndi ichi: madzi ofunda ndi sopo, mswachi wakale, kenako padzuwa mpaka uume gwa, n'kudonthezera kadontho ka mafuta a makina osokera a azakhali ako. Mafuta ophikira ayi, amenewo amakhalitsa n'kusanduka ulimbo. Kuda kuja kwa chitsulo ndikusiya, si dzimbiri, ndipo kumathandiza kuti dzimbiri lofiira lisagwire msanga. Iwenso yakoyo usaisunge m'zikwama zachikopa nthawi yaitali, chikopa chimasunga chinyezi. Kansalu ka mafuta pang'ono n'kokwanira.

Ukamabwera pa Khirisimasi ubwere nayo itatu yonse tidzaiyerekeze pakhonde pano, koma ngati ukwera ndege uike m'chikwama chachikulu chopita pansi, m'chamanja akulanda pabwalo pomwepo. Ndipo Okapi usamayende nawo m'thumba kumeneko, ukudziwa wekha mbiri imene mpeniwu uli nayo m'makomboni a ku Joni, apolisi sakafunsa zoti ndiwe wosonkhanitsa.

Zoti ndikupatse wa agogowu, ndaona wazembetsa funsolo kumapeto kwa uthenga wako. Imeneyo si ya ine ndekha. Achemwali, mukumva? Mwana wanu akufuna mpeni wa bambo. Mukafika kuno tidzakambirane.