Kambuku wosala kudya: yankho la funso lokhudza Dan Sperber

Wowerenga wina wanditumizira imelo. Akuti aphunzitsi awo amatchula Dan Sperber pafupipafupi, ndiye akufunsa ngati munthuyu amanena kuti okhulupirira zinthu zodabwitsa ndi operewera nzeru.

Ayi achimwene, sanena zimenezo ngakhale pang'ono. Sperber, katswiri wofufuza chikhalidwe cha anthu ndi kaganizidwe kawo, anabadwa mu 1942 ku France, ndipo anagwira ntchito zaka zambiri ku CNRS, bungwe la boma lochita kafukufuku. Ali wachinyamata anakakhala pakati pa a Dorze, anthu odziwika ndi kuomba nsalu kum'mwera kwa Ethiopia.

A Dorze amati kambuku ndi nyama yachikhristu, yomwe imasala kudya Lachitatu ndi Lachisanu monga umachitira mpingo wa Orthodox wa kumeneko. Koma Lachitatu likakwana, mwini ziweto sazitayirira. Amazilondera ngati tsiku lina lililonse. Munthu yemweyo akunena motsimikiza kuti lero kambuku sadya, maso ali pa khola.

Nkhaniyi ili m'buku lake la 1974, Le symbolisme en général. Sperber anaona kuti mlimiyo sakunama komanso mutu sunamusokonekere. Kuti kambuku amagwira ziweto, amadziwa chifukwa anaona ndi maso ake, ndipo n'zimene zimamuuza zochita. Zakuti kambuku ndi Mkhristu anazilandira kwa akuluakulu amene amawadalira, ndipo amazisunga osazimvetsa zonse. Ine apa ndi pamene ndimamulemekeza kwambiri, chifukwa nafenso ophunzira timatero. Ndi angati mwa ife angafotokoze bwinobwino mmene katemera amagwirira ntchito m'thupi? Timangodalira odziwa.

Mabuku ake otsatira anachokera pamenepa. Mu 1986 iye ndi Deirdre Wilson analemba Relevance, kusonyeza kuti womvera amadzaza yekha zimene wolankhula sanatchule. Mu 1996, m'buku la Explaining Culture, anati tifufuze mmene maganizo amafalikira monga tifufuzira kufala kwa matenda: chifukwa chiyani nthano ina imakhazikika pomwe ina imazimirira? Ena fanizoli limawakhumudwitsa, koma iye sakunyoza chikhulupiriro cha munthu. Akufuna kudziwa njira imene chimayendamo, ndi mmene chimasinthira pang'ono nthawi iliyonse chikafotokozedwanso.

Ngati mukufuna poyambira, yambani ndi The Enigma of Reason la 2017, limene analemba ndi Hugo Mercier. Ndi losavuta kuwerenga, ndipo limati luso loganiza linakula makamaka kuti tizitha kutsutsana ndi kukhutiritsana ndi anzathu.