Kwa achimwene amene mukufuna kuyamba T

Achimwene, mwafunsa zinthu ziwiri: kuti mukayamba testosterone (mwachidule T, mahomoni achimuna amene timalandira ife obadwa ndi thupi lachikazi koma timadzidziwa kuti ndife amuna) muyembekezere chiyani miyezi yoyambirira, komanso ngati mungamabaye mankhwala ochulukirapo kuposa amene dokotala wakulemberani kuti mawu ndi ndevu zifulumire. Ndiyambira lachiwirili chifukwa ndi limene landidetsa nkhawa.

Chonde musatero. Thupi likalandira testosterone wopyola muyezo, wotsalayo limamusandutsa estrogen, mahomoni achikazi aja mukufuna kuti achepe, moti msambo umene unasiya ukhoza kuyambiranso. Choopsa kwambiri chili m'magazi. T amachulukitsa maselo ofiira, ndipo akachuluka mopitirira magazi amakhuthala, n'kumayenda movutikira. Apa ndi pamene pamabwera ngozi yoti magazi aundane m'mitsempha kapena munthu achite sitiroko. Ngati mumasuta fodya, ngoziyo imakula, ndiye ino ndi nthawi yabwino yomusiya. Malangizo a mu 2017 a Endocrine Society, bungwe la akatswiri a za mahomoni, amati T wa m'magazi akhale pa mlingo wa mwamuna wina aliyense, pakati pa 400 ndi 700 ng/dL. Kudutsa pamenepo sikumeretsa ndevu msanga. Ndevu n'zakumtundu. Yang'anani bambo anu, amalume anu ndi azichimwene anu: ngati ali ndi zambiri, mwina nanunso zikubwera, ndipo ngati ali ndi dazi, konzekeraninso limenelo.

Tsono za zimene muyembekezere. Kumeneku n'kutha msinkhu kachiwiri, ndipo mnyamata satha msinkhu mwezi umodzi. Zoyamba kubwera si zimene timazilakalaka zija ayi. Nkhope imachita mafuta, ziphuphu zimatuluka kumaso ndi kumsana, thukuta limachuluka ndipo fungo lake limasintha. Ine ndinazindikira kuti mankhwala ayamba kugwira ntchito nditanunkhiza malaya amene ndinavula madzulo, n'kumva ngati ndi a munthu wina. Njala imakula, chilakolako chogonana chimakweranso, kwa ena mpaka kuwasowetsa mtendere. Kumusi nakonso kumasintha msanga. Clitoris imakula, ndipo masabata oyamba imatha kumva kuwawa ikakhudzana ndi kabudula wamkati wothina. Ambiri sauzidwa zimenezi, ndiye amachita mantha pachabe.

Msambo kwa anthu ambiri umasiya m'miyezi 6 yoyamba. Ukapitirira pamenepo, kapena ukabweranso patapita nthawi yaitali, kauzeni dokotala. Mawu amayamba kutsika pakati pa miyezi 3 ndi 12, ndipo amakhazikika pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri. Pakati apa pamakhala nyengo yoti kummero kumakanda, mukayankha foni mawu amathyoka pakati pa chiganizo, kuyimba kumakanika. Musawakakamize kutsika, mungodzipweteka kummero. Mafuta amachoka pang'onopang'ono m'chiuno ndi m'ntchafu kupita pamimba, minofu imalimba, makamaka mukamachita masewera olimbitsa thupi. Ndevu ndiye zimachedwa koposa, zimatenga zaka 3 mpaka 5 kuti zidzaze, ndipo kawirikawiri ubweya wa pamimba ndi m'miyendo umatsogola. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Zithunzi za pa intaneti za anthu amene anasinthiratu m'miyezi yochepa zisakupwetekeni mtima, chifukwa amene zikuwayendera pang'onopang'ono sakonda kudzijambula.

Pali zina zimene T sangachite. Sachotsa mabere, ngakhale amatha kuphwa pang'ono, ndipo satalikitsa munthu amene mafupa ake anamaliza kale kukula. Palinso zimene sizibwerera ngakhale mutadzasiya mankhwala: mawu, ndevu, kukula kwa kumusi kuja, ndi tsitsi limene lathothoka. Zimenezi muziganizire mofatsa panokha musanabaye jakisoni woyamba.

Nkhani iyi ndikufuna muimvetsetse bwino, chifukwa yagwetsa anzathu m'mavuto. T si njira yakulera. Msambo ukasiya sizitanthauza kuti dzira silingakhwime. Ngati mumagonana m'njira yoti mimba ikhoza kuchitika, gwiritsani ntchito kondomu, lupu, kachipangizo koika pamkono kapena njira ina imene mungagwirizane ndi dokotala. T amavulaza mwana amene ali m'mimba. Kumbali inayi, ngati mumalakalaka kudzakhala ndi mwana wa magazi anu, nenani musanayambe. Alipo amene anasiya T kwa kanthawi n'kubereka bwinobwino, koma palibe dokotala angakulonjezeni zimenezo. Kusungitsa mazira n'kotheka m'zipatala zina, ngakhale kumadula. Ndipo malinga ngati khomo la chiberekero mukadali nalo, pitirizani kukayezetsa khansa yake. Ndikudziwa kuti kukwera pabedi loyezera lija kumatilemera mumtima ambirife, koma khansa imeneyi ikapezeka msanga imachizika. Kumusi kukamauma kapena kung'ambika, pali mankhwala a estrogen opaka pamalo pomwepo, ndipo sabweza m'mbuyo zimene T wachita.

Za mtundu wa mankhwala, pali jakisoni wa testosterone enanthate kapena cypionate wobaya sabata iliyonse kapena pakatha masabata awiri, pali undecanoate, amene ambiri amamudziwa ndi dzina loti Nebido, wobaya kamodzi pa miyezi pafupifupi itatu, ndiponso pali gel wopaka tsiku ndi tsiku. Wopakayu amafuna kusamala: sambani m'manja mukamaliza, ndipo pamene mwapakapo pasakhudze mwana kapena wokondedwa wanu. Wa jakisoni ndi wamafuta, amakokeka mochedwa m'sirinji. Ine ndimayamba ndafumbata kabotolo kake m'manja kuti katenthe pang'ono, kenako ndimabaya modekha, ndipo ndimasinthasintha ntchafu. Mukaona kuti masiku oyandikira jakisoni wotsatira mukufooka kapena kupsa mtima msanga, n'kutheka kuti mlingo ukumatsika kwambiri. Dokotala akhoza kugawa mankhwala omwewo kuti muzibaya ochepa pafupipafupi. Zoti T amasandutsa munthu chilombo si zoona. Ambiri timangoona kuti misozi imavuta kutuluka. Koma mtima ukalemera kwa masiku ambiri, musadzitsekere nokha m'nyumba, lankhulani ndi dokotala kapena ndi ife m'gulu muno.

Mwachita bwino kupeza dokotala. Ndikudziwa kuti m'gulu muno muli ena amene alibe mwayi umenewo, ndipo amagula kwa ogulitsa mankhwala okuza minofu. Sindikukuweruzani abale anga, koma za m'kabotolo koteroko palibe amene angazitsimikize. Ngati munayamba kale, kayezetseni magazi basi, ndipo singano musabwerekane, chifukwa HIV ndi matenda a chiwindi amadutsira momwemo. Dokotala amene ali ndi mtima wothandiza koma nkhaniyi saidziwa, mukhoza kumusonyeza malangizo a mu 2022 a WPATH (bungwe la akatswiri a zaumoyo wa anthu ngati ife), amene ali pa intaneti mwaulere. Wina akakuuzani kuti mutu wanu sukuyenda bwino, dziwani kuti bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linachotsa nkhani yodzimva kuti ndiwe mwamuna kapena mkazi mosiyana ndi thupi lobadwa nalo m'gulu la matenda a maganizo mu 2019.

Musanabaye woyamba, pemphani kuti akuyezeni kuchuluka kwa maselo ofiira, mafuta a m'magazi ndi BP, kuti padzakhale poyerekezera. Chaka choyamba muziyezetsa miyezi itatu iliyonse, kenako kamodzi kapena kawiri pachaka. Funsaninso kuti magazi azitengedwa tsiku liti pakati pa jakisoni ndi jakisoni, chifukwa zotsatira zimasiyana malinga ndi tsikulo. Mukalandira zotsatira zoyamba, ngati pali manambala amene sakumveka, bwerani nawo kuno tidzathandizane kukonza mafunso oti mukafunse dokotala wanu.