N'chifukwa chiyani Napoleon anagulitsa Louisiana motchipa chonchi?

Imelo ya sabata ino yachokera kwa mphunzitsi wina wa histole pa sekondale yoyendera ku Dedza. Alemba motere: "Ana a Fomu 3 andifunsa funso limene landisowetsa choyankha. Mu 1803 dziko la America linagula dera la Louisiana kwa France pa mtengo wa madola 15 miliyoni. Koma Napoleon timamudziwa kuti anali wosusuka pa nkhani ya malo, ankalanda mayiko a eni ku Ulaya. Ndiye zinatheka bwanji kuti agulitse dera lalikulu chotere, komanso motchipa?"

Aphunzitsi, ana anuwo ndi ochenjera ndithu. Yankho lake lili ku Haiti, ngakhale mabuku ambiri nkhani ziwirizi amaziika m'mitu yosiyana.

Choyamba anawo amvetse kukula kwa malowo. Louisiana wa nthawi imeneyo ankayambira ku mtsinje wa Mississippi mpaka ku mapiri a Rocky, masikweya kilomita pafupifupi 2.1 miliyoni. Malawi wathuyu angalowemo ka 18. Ndipo Amereka sanapite ku Paris kukafuna zonsezo ayi. Pulezidenti Thomas Jefferson anatuma James Monroe kuti akathandizane ndi kazembe Robert Livingston kugula mzinda wa New Orleans, chifukwa alimi a m'mbali mwa Mississippi ankatulutsira katundu wawo pa doko limenelo. Anali okonzeka kulipira mpaka madola 10 miliyoni. Atamva kuti France ikugulitsa dera lonse pa 15 miliyoni, sanadikire n'komwe chilolezo chochokera kwawo, anangosainira.

Tsono tibwerere m'mbuyo pang'ono. Dziko limene lero timati Haiti, lomwe lili pa chilumba china cha ku Caribbean, linkatchedwa Saint-Domingue, ndipo pa madera onse amene France inkalamulira kunja, limeneli ndilo linkabweretsa chuma chambiri. Shuga ndi khofi wochuluka amene ankamwedwa ku Ulaya ankachokera kumeneko. Olima anali akapolo pafupifupi 500,000, ambiri a iwo obadwira ku Africa konkuno, pamene azungu sankapitirira 40,000. Ntchito ya m'minda ya nzimbe inkapha anthu msanga, moti eni minda ankangogula ena atsopano chaka ndi chaka.

Mu 1789 anthu a ku France anaukira ufumu wawo n'kulengeza kuti munthu aliyense amabadwa mfulu ndipo onse ndi ofanana. Olengezawo akapolo sankawawerengera. Koma mawu akatuluka m'kamwa sabwezeka, ndipo anawoloka nyanja. Mu Ogasiti 1791 akapolo a m'chigwa cha kumpoto kwa Saint-Domingue anadzuka usiku n'kuyamba kutentha minda ya nzimbe ndi nyumba za mabwana awo. Nkhondo itakula, Spain ndi Britain nawo analowerera pofuna kudzitengera chilumbacho, ndipo France inaona kuti popanda asilikali akuda chitayika. Mu Febuluwale 1794 nyumba ya malamulo ku Paris inathetsa ukapolo. Ine ndimakana anthu akamati France inawapatsa ufulu. Pepala la ku Paris linangovomereza zimene anthuwo anali atazitenga kale ndi zikwanje. Mtsogoleri amene anatchuka pa nthawiyi, Toussaint Louverture, anabadwa kapolo. Iye anathamangitsa Angerezi mu 1798, ndipo pofika 1801 anali bwanamkubwa wolamulira chilumba chonse, ngakhale m'dzina chinali chidakali cha France.

Apa m'pamene Napoleon, amene pa nthawiyi anali wolamulira France, akulowa. Mu 1800 anapangana mwachinsinsi ndi Spain, imene inkalamulira Louisiana pa nthawiyo, kuti deralo libwerere m'manja mwa France. Maganizo ake anali akuti Saint-Domingue ayambirenso kutulutsa shuga monga kale, ndipo Louisiana akhale nkhokwe yake, kochokera ufa, nyama ndi matabwa. Nkhokwe imakhala ndi ntchito ngati pakhomo pali anthu oidya. Choncho anayamba ndi chilumbacho: anatumiza mlamu wake, Charles Leclerc, ndi asilikali oposa 20,000, amene anafika kumayambiriro kwa 1802.

Poyamba zinkaoneka ngati zikuyenda. Mu Juni 1802 Toussaint anamuitanira ku zokambirana, n'kumugwira pomwepo, kumukweza sitima mpaka ku France. Anamutsekera ku Fort de Joux, linga la m'mapiri ozizira kwambiri kufupi ndi malire a Switzerland, ndipo anamwalira komweko mu Epulo 1803. Koma kenaka kunamveka mbiri yoti pa chilumba cha Guadeloupe Afalansa abwezeretsa ukapolo. Aliyense ku Saint-Domingue anadziwa chimene chikubwera. Akuluakulu a asilikali akuda amene anali atagonjera Leclerc, monga Jean-Jacques Dessalines ndi Henri Christophe, anamutembenukira. Pa nthawi yomweyo matenda a yellow fever, ofalitsidwa ndi udzudzu, ankapulula asilikali ochokera ku Ulaya. Leclerc mwini wake anafa nawo mu Novembala 1802. Amene analowa m'malo mwake, Rochambeau, anachita kuitanitsa agalu olusa ku Cuba oti azisakira anthu, koma nkhanzazo zinangogwirizanitsa adani ake.

Ndiye taganizirani mmene zinthu zinalili kwa Napoleon kumayambiriro kwa 1803. Gulu lake lankhondo la ku Saint-Domingue latsala pang'ono kutha, shuga kulibe, nkhondo ina ndi Britain ili pafupi kuyambika (inayambadi mu Meyi), ndipo akudziwa kuti sitima zankhondo za Britain zikhoza kulanda New Orleans tsiku lililonse. Ndalama akuzifuna. Anagulitsa chinthu chimene sakanatha kuchisunga. Pangano lake ndi la pa 30 Epulo 1803. Choseketsa n'chakuti imodzi mwa mabanki amene anayendetsa malipirowo inali Baring ya ku London, ndiye kuti ndalama zokamenyera Britain zinadzera ku Britain komweko. Ku chilumba kuja Afalansa anagonja komaliza pa nkhondo ya ku Vertières pa 18 Novembala 1803, ndipo pa 1 Januwale 1804 Dessalines analengeza dziko la Haiti. Musawabisire anawo kuti miyezi yotsatira iye analamula kuti Afalansa otsala aphedwe, ndipo anaphedwadi ambiri, amayi ndi ana omwe.

Mawu akuti "kugula" aja muwaunikenso m'kalasi. M'mbali zambiri za Louisiana munalibe midzi ya Afalansa. Munali eni nthaka: a Osage, a Pawnee, a Lakota, a Cheyenne ndi mitundu ina yambiri, ndipo palibe anawafunsa. Chimene America inagula kwenikweni ndi lonjezo loti dziko lina la ku Ulaya silidzaipikisa ikamakatenga malowo kwa eni ake. Ana a ku Dedza sangavutike kumvetsa zimenezi, poti malire amene anagawa abale awo pakati pa Malawi ndi Mozambique anachokera pa pangano la Britain ndi Portugal la mu 1891. Lamulo la mu 1830 la pulezidenti Andrew Jackson linasamutsa mokakamiza a Cherokee ndi mitundu ina ya kum'mawa kupita ku dera limene lero ndi Oklahoma, mbali ya malo ogulidwa aja, ndipo anthu zikwizikwi anafera m'njira.

Chimene chimandiwawa ine ndi ichi. Kupambana kwa akapolo a ku Haiti kunatsegulira ukapolo malo atsopano. Louisiana, Missouri ndi Arkansas analowa mu United States ngati zigawo zololeza ukapolo, ndipo New Orleans unasanduka msika waukulu wogulitsirapo anthu okalima thonje ndi nzimbe.

Haiti nayo sinasiyidwe pamtendere. Mu 1825 mfumu Charles X ya France inatumiza sitima zankhondo ku Port-au-Prince ndi uthenga woti dzikolo lilipire mafranki 150 miliyoni ngati chipukuta misozi kwa eni minda akale. Louisiana yense uja anapita pa mafranki 80 miliyoni. Pulezidenti Jean-Pierre Boyer anavomera mizinga itamuloza, ndipo kuti apereke gawo loyamba anakongola ku mabanki a ku France komweko. Mu 1838 ndalamayo anaitsitsa kufika pa 90 miliyoni, koma ngongole zake zinadya msonkho wa khofi wa alimi a ku Haiti kwa mibadwo ingapo. America, imene inapindula kwambiri ndi nkhondo ya anthu amenewa, inakana kuvomereza kuti Haiti ndi dziko mpaka mu 1862, nthawi ya Abraham Lincoln, zigawo za kummwera zosunga akapolo zitachoka m'nyumba ya malamulo.