Mphaka wolumidwa ndi galu: yankho kwa mayi a ku Santhe ofunsa za panado

Kalata imene ndikuyankha lero yachokera kwa mayi ena a ku Santhe. Mphaka wawo analumidwa ndi galu pantchafu, mlangizi wa ziweto anatsuka balalo ndi kumubaya jakisoni, ndipo tsopano ali naye pakhomo, akulira usiku komanso sakudya bwino. Anzawo oyandikana nawo akuwauza kuti amusungunulire theka la panado m'madzi, kenako amutsegulire chitseko, poti mphaka amachira yekha. Akufunsa ngati achite zimenezo.

Mayi, musamupatse panado, ngakhale kachibenthu kochepa bwanji, ndipo chitsekocho musatsegule. Ndikanatha kulekera pomwepa, koma funso lanu landikhudza kwambiri, chifukwa malangizo amene mwalandirawo ndinawaona ndi maso anga akupha chiweto.

Ndinakulira kwa agogo anga aakazi kufupi ndi Chamama, ndipo pakhomopo panali mphaka wamkazi wamawanga amene ntchito yake inali kulondera nkhokwe ndi chigafa cha fodya. Analibe dzina, ndipo palibe amene ankamunyamula kapena kumusisita, koma aliyense ankadziwa kuti chimanga chathu chinkafika mwezi wa Febuluwale chifukwa cha iyeyo. Tsiku lina anakodwa mumsampha wa waya umene anyamata anatchera akalulu kudambo, nabwerera akukoka mwendo wakutsogolo, waya atadula khungu kuzungulira. Atsibweni anga, munthu wachifundo amene sankafuna kuona chamoyo chikuvutika, anaphwanya panado pa supuni, nasakaniza ndi mkaka, namumwetsa. Pofika madzulo mphakayo anali atagona kukhonde kukamwa kuli yasa, akupuma mwabefu, malovu ali chuchuchu. M'mawa mwake nkhope ndi mapazi zinali zitatupa, ndipo agogo atamutukula mlomo tinaona kuti nkhama zake, zimene zimayenera kukhala zofiirira mowala, zada ngati dothi la kudambo. Sanafike tsiku lachitatu. Pamudzi anthu anagwirizana kuti wayayo anali ndi poizoni, ena ananong'ona za ufiti, koma palibe amene anaganizira za supuni ija, ndipo atsibweniwo anamwalira akukhulupirira kuti anayesetsa kumuthandiza.

Chimene chinachitika m'thupi la mphakayo n'chodziwika bwino kwa madokotala a ziweto. Mankhwala a paracetamol, amene ife timangowatchula kuti panado, chiwindi cha munthu chimawaphwanya n'kuwatulutsa m'thupi popanda vuto, koma chiwindi cha mphaka sichikhala ndi zokwanira zogwirira ntchito imeneyo. Motero mankhwalawo amasanduka poizoni amene amawononga magazi, magaziwo n'kuleka kunyamula mpweya, n'chifukwa chake nkhama zimada ndipo nyamayo imabanika ngakhale ili panja pamphepo. Mbulu umodzi wa munthu wamkulu umakhala wa mamiligiramu 500, pamene mphaka wa kumudzi amalemera makilogalamu atatu kapena anayi okha, kotero theka limene akukuuzanilo lingathe kumupha. Brufen, aspirin ndi diclofenac nawonso ndi oopsa kwa mphaka, chifukwa amatha kuwononga impso ndi kuyambitsa zilonda m'mimba. Nanga indocid, tonse tikudziwa kuti ena amathira pa nyambo yophera makoswe, ndiye tisayembekeze kuti angachitire chifundo mphaka. Mankhwala othetsa ululu oyenera amphaka alipo, koma woyenera kuwasankha ndi kuyeza mlingo wake ndi dokotala wa ziweto, osati wogulitsa pa golosale.

Tsopano za mawu akuti mphaka amachira yekha. Mawu amenewa ine ndimawakana, ndipo ndimaona kuti ndi njira yozembera udindo imene tinaiveka chovala cha nzeru za makolo. Mphaka akavulala amabisala, chifukwa nyama yaing'ono yoonetsa kufooka imadyedwa. Amakalowa pansi pa nkhokwe, m'chigafa kapena m'tchire la kuseri kwa chimbudzi, ndipo amene wachira amabwerera n'kumaoneka pakhomo, pamene amene wafa sabwerera ndipo timangoti wasowa kapena wasamukira kwina. Timawerenga obwererawo basi, n'kumati amphaka ndi olimba. Akanakhala kuti amafera pabwalo monga zimachitira mbuzi, chikhulupiriro chimenechi chikanatha kalekale.

Chimandiwawa kwambiri n'chakuti pa ziweto zonse za pakhomo, mphaka ndi amene timamudyera thukuta popanda kumuwonongera ndalama. Ng'ombe timapita nayo kudibi, nkhuku timazipatsa katemera wa chitopa, chimanga timachigulira mankhwala a anankafumbwe ndi matumba apadera, koma mlonda amene amathamangitsa makoswe usiku uliwonse timamuponyera mkute ndi minga za usipa. Akadwala, munthu wofuna kumusamalira amasekedwa kuti watengera za azungu, ndipo ngati ndi mayi wachikulire wokhala yekha, ena amayamba kumuyang'ana ndi diso lokayika. Inu mayi mwachita bwino kuitana mlangizi, ndipo musachite manyazi ndi zimenezo.

Alangizi athu a ziweto ntchito yawo yaikulu ndi ya ng'ombe, mbuzi, nkhumba ndi nkhuku, choncho si onse amene amakhala ndi mankhwala a amphaka m'chikwama. Kutsuka bala ndi kubaya jakisoni wolimbana ndi tizilombo amatha bwino, koma ngati fupa lathyoka kapena mano a galu analowa mpaka m'mimba kapena pachifuwa, pamafunika dokotala wokhala ndi zipangizo, ndipo kwa ife a kuno ku Kasungu zimenezo zimatanthauza ulendo wa ku Lilongwe, kumene kuli bungwe loteteza ndi kusamalira nyama la LSPCA ndi madokotala ena a ziweto. Galu akaluma amagwedeza, motero bala looneka laling'ono kunja limatha kubisa nyama yong'ambika m'kati. Ngati patapita masiku angapo mphaka wanu sakupondabe mwendowo, kapena ukulendewera, musadikire.

Pali funso limodzi limene simunalitchule m'kalata yanu, koma ndi lalikulu kuposa onse: galuyo ndi wa yani, ndipo analandira katemera wa chiwewe? Ngati mukumudziwa, pemphani eni ake amumangirire ndi kumuyang'anira masiku 10, chifukwa galu amene akhalabe wathanzi pakutha pa masiku amenewo sanali kufalitsa chiwewe pamene ankaluma. Ngati anali galu wosadziwika, kapena wafa, kapena waphedwa, auzeni alangiziwo lero lomwe ndipo mutsatire zimene angakuuzeni, pakuti chiwewe chimatha kubisala mwa mphaka kwa masabata kapena miyezi, ndipo chikaonekera mwa munthu sichichizika. Ana asamugwire mphakayo. Aliyense amene angalumidwe kapena kukandidwa atsuke pamalopo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Za m'chipinda chimene mwamutsekera

Musankhe chipinda chachete, chopanda mashelefu kapena zenera limene angalumphirepo, ndipo muikemo katoni yogonekedwa cham'mbali yoyalamo chitenje chakale, kuti akhale ndi pobisala. Pakona ina muike beseni losazama la mchenga wouma, poti mphaka amafuna kukwirira zoipa zake, ndipo chakudya ndi madzi zikhale kutali ndi besenilo. Usiku wa Juni ndi Julayi kuno kumazizira, choncho botolo la madzi ofunda lokulungidwa m'nsalu lingamuthandize, koma mbaula ya makala m'chipinda chotseka ayi, chifukwa mpweya wake umapha nyama ndi anthu omwe. Kulira kumene mukumva usiku kungakhale kufuna kutuluka, ndipo kulira kotero kumachepa akazolowera.

Balalo muzilitsuka kawiri pa tsiku ndi madzi a mchere: supuni yaing'ono imodzi ya mchere m'theka la lita ya madzi owiritsa amene azizira. Mumukulunge m'thaulo, mutu ndi mwendo wovulalawo zokha zili kunja, wina atamugwira, inu n'kumapukuta ndi thonje kapena kansalu koyera kuchokera pakati pa bala kupita kunja. Dettol ndi Jeyes Fluid musayerekeze, pakuti mphaka amanyambita chilichonse chimene chili pa ubweya wake ndipo mankhwala a mtundu umenewo ndi poizoni kwa iye. Chimodzimodzinso oyilo wa galimoto, phulusa, mankhwala a dibi ndi mankhwala a utitiri opangira agalu, amene ambiri amakhala ndi mankhwala otchedwa permethrin, omwe ndi poizoni kwa amphaka. Muziyang'anitsitsa ntchentche, chifukwa mazira ake amaswa mphutsi pasanathe tsiku limodzi kunja kukatentha. Ngati akunyambita balalo mosalekeza kapena akuzula ulusi ngati balalo analisoka, mungadule katoni yofewa mozungulira n'kumuveka m'khosi ngati fanulo, mosiya mpata wolowa zala ziwiri. Ulusi wosokera nthawi zambiri umachotsedwa pakati pa masiku 10 ndi 14.

Za kudya, nsima si chakudya cha mphaka wodwala, popeza thupi lake limamangidwa ndi nyama. Mumuphikire usipa kapena matemba opanda mchere wambiri, dzira lowiritsa, kapena kanyama ka nkhuku kochotsa mafupa, ndipo muzimupatsa zofunda pang'ono kuti fungo limukope. Ndiwo zokazingira anyezi kapena adyo musamupatse, zimawononga magazi ake, ndipo mkaka wa ng'ombe umatsegula m'mimba amphaka ambiri akuluakulu. Mphaka akakhala masiku awiri kapena atatu osadya kalikonse chiwindi chake chimayamba kuwonongeka, kotero kusadya kumene mwatchulako musakutenge mopepuka.

Muitanenso alangizi mwamsanga ngati pabala patupa n'kutentha, pakutuluka mafinya onunkha, nkhama zayera kapena zada, akupuma movutikira, kapena ngati tsiku lathunthu ladutsa mchenga uja uli wouma osakodzamo. Mabala a mano amakonda kutsekeka pamwamba n'kusunga mafinya m'kati, ndipo chithupsa choterocho chimaonekera patapita masiku angapo, nthawi imene mwini wake amaganiza kuti zatha. Ngati ndi bala lokha ndipo galuyo wapezeka kuti alibe chiwewe, mumutulutse khungu likalumikizana ndipo akuponda bwino. Ngati dokotala wapeza kuti fupa linasweka, kutsekeredwako kumafika masabata asanu ndi limodzi kapena kupitirira. Akachira, mufunse alangiziwo za katemera wa chiwewe, chifukwa amabaya amphaka omwe, osati agalu okha.